Kodi wailesi imafufuzidwanso? Za kafukufuku wa ku yunivesite pa maofesi, atolankhani ndi ife omvera

Mwana wa achemwali anga ali chaka chomaliza ku yunivesite, ndiye mwezi wathawu anabwera kunyumba kuno ku Area 25 atanyamula pulopozo yake ya kafukufuku kuti ndimuthandize kuona mafunso, poti amadziwa kuti ine ndinagwirapo ntchito yofunsa anthu mafunso m'midzi ndi m'matauni kwa zaka zingapo, ija timangoti ya ma enumerator ija. Mutu wake ndi wa momwe wailesi za m'madera zimayendetsedwera komanso ngati anthu a m'deralo ali ndi mawu pa zimene zimaulutsidwa. Agogo ake anali pakhonde akusankha nyemba, atamva anatukula mutu n'kufunsa kuti, "Iwe mwanawe, wailesi imafufuzidwanso chiyani, si ija timangotsegula n'kumamvera?" Mtsikana uja anayamba kuyankha ndi Chingerezi cha m'kalasi, anafika pakati n'kukakamira, chifukwa zinthu zimenezi anaphunzira m'chilankhulo china ndipo palibe anamuuzapo kuti tsiku lina adzafunika kuzifotokoza kwa agogo ake. Funso la agogo lija silinandichoke, ndipo ndikuona kuti ndi anthu ambiri amene amamva pa nyuzi kuti "kafukufuku waonetsa kuti" koma sadziwa kuti kafukufukuyo amaphikidwa bwanji, ndani amagula nkhuni, ndipo ndi liti pamene uyenera kumukhulupirira.

Choyamba n'chakuti anthu amadabwa chifukwa chake kayendetsedwe ka ntchito, zofalitsa nkhani ndi moyo wa anthu amazimanga mtolo umodzi ngati phunziro. Tangotsatirani nkhani imodzi yokha kuchokera pamene yabadwira. Wailesi kapena nyuzipepala ndi kampani, ili ndi bwana, ili ndi malipiro a pamwezi, magetsi, mafuta a jenereta, layisensi ya ku MACRA, bungwe la boma loyang'anira mawailesi ndi mafoni. Ndalama zake zambiri zimachokera kwa otsatsa malonda ndi ogula nthawi ya pa wailesi, ndipo kuno kwathu amenewa ndi ochepa, boma ndi nthambi zake, makampani a mafoni, mabanki, mabungwe, mipingo. Ndiye mkonzi akalandira nkhani yoluma kampani imene imalipira theka la malipiro a antchito ake amaganiza kawiri, ndipo mtolankhani amene alibe ya thiransipoti akaitanidwa ku msonkhano wa ku hotela kumene kuli kaenivelopu, kaja ena amati logistics ena chipondamthengo, n'kovuta kuti asiye kumeneko apite ku Nsundwe kukaona chifukwa chake mjigo wakhala wofa miyezi inayi. Zonsezi ndi nkhani za kayendetsedwe ka ntchito, koma mathero ake ndi zimene mayi wa ku Nsundwe uja amve kapena asamve madzulo, ndipo zimene wamvazo ndi zimene zimupangitse kupita ndi mwana ku katemera, kugulitsa soya wake lero kapena kudikira, kuvotera uyu kapena uyo. Wofufuza wabwino amayenda ndi chingwe chonsecho, sadula pakati.

Ntchito imeneyi kwathu kuno si yakale kwenikweni ndipo chifukwa chake chili m'mbiri yathu. MBC inayamba 1964 ndipo kwa zaka pafupifupi makumi atatu inali yokhayo, kanema wathu anadzayamba 1999. Kunali lamulo la 1968 loyang'anira zolembedwa ndi zisudzo limene linkapatsa mphamvu bungwe la boma kuletsa mabuku, ndipo mphunzitsi wa pa Chancellor College, Jack Mapanje, anakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osaimbidwa mlandu m'khoti. M'nyengo yotere ndani akanayenda ndi pepala m'mudzi kumafunsa anthu ngati amakhulupirira nyuzi za pa wailesi? Zinthu zinatseguka ndi kalata ya maepiskopi ya mu Malichi 1992, referendamu ya pa 14 Juni 1993, nyuzipepala zatsopano monga The Nation imene inayamba chaka chomwecho, ndi malamulo aakulu a dziko a 1994 amene ndime 35, 36 ndi 37 zimakamba za ufulu wolankhula, ufulu wa atolankhani ndi ufulu wopeza uthenga. Lamulo la 1998 linabweretsa MACRA, wailesi ya Dzimwe ku Monkey Bay inatsegula njira ya wailesi za m'madera, Zodiak inayamba kuno ku Lilongwe 2005, kenako mafoni, Facebook, WhatsApp. Kunena kwina, chinthu chimene akufufuza ana athuwa chasintha nkhope kangapo m'moyo wa munthu mmodzi.

Ofufuzawo ali m'malo angapo. Ku Zomba kuli University of Malawi ndi Centre for Social Research yake imene inakhazikitsidwa 1979, ku Blantyre kuli MUBAS, ija tinkati Poly isanaime payokha mu 2021, kumene kuli maphunziro a utolankhani ndi a bizinesi, kuno tili ndi LUANAR ku Bunda kumene ena amaphunzira za ulangizi ndi kafikitsidwe ka uthenga kwa alimi, ndiponso ku Kanengo kuli sukulu ya za kayendetsedwe ka ntchito imene ambiri tikuidziwabe ndi dzina lakale la MIM. Koma kaya ndi wa digiri yoyamba kaya ndi pulofesa, njira yake ndi yofanana, umayamba ndi funso, ndipo ntchito yoyamba ya supavaiza ndi kulidula funsolo mpaka likwane m'manja. Mwana amabwera ndi "mphamvu ya wailesi pa chitukuko cha Malawi", supavaiza amamubweza kasanu mpaka zifike poti wailesi iti, pulogalamu iti, anthu ati, miyezi iti. Ana amaona ngati nkhanza koma funso lalikulu ngati phiri silingayankhidwe ndi munthu mmodzi wa bajeti ya ndalama za m'thumba la makolo. Kenako umawerenga zimene ena anapeza kale, kuti usakathe chaka ukukumba chitsime pamene anzako anakumba kale.

Pamene anthu amakangana kwambiri ndi pa nambala. Ndamvapo kangati mu minibasi ya ku Kawale kapena pa Depoti anthu akuti, "Afunsa anthu 1,200 okha dziko lonseli, ine bwanji sanandifunse, bodza limenelo." Kalembera wa 2018 anapeza kuti tilipo oposa 17.5 miliyoni ndiye kukayika kwake n'komveka. Koma taganizani mayi akuphika nyemba mumphika waukulu wa pamaliro, kuti adziwe ngati mchere wakwana sadya mphika wonse, amavundula bwinobwino n'kulawa kamsuzi ka pa chipande, ndipo kamsuzi komweko kamakwanira kaya mphika ndi waung'ono kaya ndi mgolo. Chinsinsi chili pa kuvundula. Akalawa pamwamba osavundula anena kuti mulibe mchere pamene wonse wakhala pansi. Mu kafukufuku kuvundula kwake ndi kusankha anthu mwa maere, amatenga mapu a timadera ta kalembera a ku NSO, ofesi ya boma yowerengera anthu, kompyuta imasankha timadera mosayang'ana nkhope, ukafika m'kadera umayambira pamalo amene wauzidwa n'kumawerenga nyumba modumpha nambala imene wapatsidwa, ukalowa m'nyumba susankha amene wakumwetulira, umalemba akuluakulu onse a pakhomopo n'kuchitanso maere, ndipo ukafunsa bambo pano nyumba yotsatira ufunse mayi. Akakhala kuti wagwera maere uja wapita kudimba umabwereranso madzulo, sutenga mlamu wake chifukwa choti ali pafupi. Zikachitika chonchi, anthu 1,200 amapereka chithunzi chimene chimaphonya ndi pafupifupi 3 pa 100 alionse, kumtunda kapena kumunsi, ndipo kasankhidwe ka maere kameneka ndi kamene gulu lofufuza maganizo a anthu m'maiko a mu Africa la Afrobarometer lakhala likutsatira kuno kuyambira 1999. Tanthauzo lake n'lakuti ngati mwa opikisana pa chisankho wina wapeza 41 pa 100 wina 39, wofufuza woona mtima amati sitingadziwe ali patsogolo, koma mutu wa nyuzi mawa lake umalengeza wopambana, ndipo apa ndi pamene ine mtima umandipweteka chifukwa anthu akadzaona zosiyana amatukwana kafukufuku pamene analakwitsa ndi wolemba mutu.

Kuchuluka kwa anthu pakokha sikupulumutsa. Ku America mu 1936 magazini ina yotchedwa Literary Digest inatumiza mapepala pafupifupi 10 miliyoni kufunsa amene apambane upulezidenti, anabwerera oposa 2 miliyoni, ndipo inalengeza kuti Alf Landon apambana. Franklin Roosevelt anapambana m'zigawo 46 mwa 48. Chinalakwika n'chakuti mayina ambiri anawatenga m'mabuku a eni matelefoni ndi eni magalimoto pa nthawi ya umphawi waukulu, komanso amene anayankha anali okhawo amene anafuna kuyankha. Wofufuza wina, George Gallup, atafunsa anthu ochepa kwambiri poyerekeza ananena zolondola. Ndiye mukaona pa Facebook tsamba lina lafunsa kuti muvotera ndani anthu zikwi makumi awiri ayankha, kumbukirani kuti amenewo ndi okhala ndi foni yaikulu, bandulo, netiweki ndi chidwi, pamene mwa Amalawi 100 alionse oposa 80 amakhala kumudzi. Kumeneko ndi kulawa pamwamba pa mphika.

Koma chimene ine ndinaona ndi maso anga kuti chimapha kafukufuku mwakachetechete, ngakhale maere atayenda bwino, ndi chilankhulo. Mafunso pafupifupi onse amalembedwa m'Chingerezi, nthawi zina ndi munthu amene ali ku London kapena ku Washington, ndiye amabwera kuti tiwamasulire, kawirikawiri m'masiku awiri a maphunziro tisanapite ku fildi. Tengani liwu loti boma. Mukamufunsa munthu kuti kodi boma limakumverani, iye akhoza kuganiza za Capital Hill, kapena za kwa DC, kapena za chipani cholamula, kapenanso za tauni ija amapita kukagula feteleza poti nakonso timati ku boma. Liwu loti ufulu limanyamula zinthu zimene m'Chingerezi zili ndi mawu atatu osiyana, ufulu wa 1964, ufulu wochita zimene ukufuna, ndi ufulu wachibadwidwe uja wa m'malamulo. Kukhulupirira wailesi kukhoza kutanthauza kuti zimene ikunena ndi zoona kapena kuti ili kumbali yathu. Ndiye pali timayankho tija ta masitepe asanu, ndikugwirizana nazo kwambiri, ndikugwirizana nazo, ndili pakatikati, mpaka kumunsi, munthu wamkulu wa kumudzi salankhula choncho, amakuyankha ndi nkhani ya zimene zinamuchitikira chaka cha njala, iwe uli ndi tabuleti m'manja ikufuna nambala imodzi, ndipo nambala imene udine pamenepo ndi maganizo ako osati ake. Magulu osamala amamasulira mafunso kupita m'Chichewa, n'kupatsa munthu wina amene sanaone oyamba aja kuti awabweze m'Chingerezi, n'kuona pamene tanthauzo lathawa, kenako amakayesa kaye pa anthu ochepa. Zimadya nthawi ndi ndalama ndiye ambiri amadumpha, ndipo lipoti likatuluka ndi ma graph okongola palibe amaona kuti funso nambala 14 anthu analimva mitundu itatu.

Pali tsiku limodzi limene linandiphunzitsa zambiri kuposa maphunziro onse aja. Tinali mudzi wina kupitirira Mitundu, nthawi yokolola, ndinakhala pamkeka ndi mayi wina akutong'ola chimanga m'lichero, mwana ali kumsana. Funso linali loti mumamvera wailesi kangati pa sabata. Anati, "Ine achimwene wailesi ndilibe, ili ndi abambo a kunyumba kuno, amayenda nayo." Ndinadina kuti samvera. Tikupitirira ndi mafunso ena, mayi uja anayamba kundiuza mtengo umene boma lalengeza wa chimanga, za nduna imene yachotsedwa, za matenda a nkhumba amene amveka boma loyandikana nalo, zonse zolondola ndipo zina ine wa m'tauni ndinali ndisanamve. Ndinafunsa kuti mayi, nanga zonsezi mwazimva kuti? Anaseka n'kuti pamjigo pali mayi wina amene foni yake ili ndi wailesi ndipo amatsegula akamadikira mzere, madzulo abambo akabwera amafotokoza zimene amva, Lamulungu kutchalitchi abusa amanenako, ndiye kubanki m'khonde nako nkhani sizisowa. Pa pepala langa mayi ameneyu anali munthu wosafikiridwa ndi wailesi. Ndinalemba m'mphepete zonse anandiuzazo koma m'kompyuta munalowa nambala ija basi.

Zimene ndinaona pamkeka pajazi akatswiri anazipeza kalekale. Paul Lazarsfeld ndi anzake atafufuza anthu ovota m'dera lina la ku Ohio ku America mu 1940 anapeza kuti uthenga wa pa wailesi ndi m'nyuzipepala nthawi zambiri sufika mwachindunji, umayamba wafika kwa anthu ena ochepa amene amatsatira nkhani, ndipo iwowo ndi amene amaufikitsa kwa anzawo atauthira kale maganizo awo. Kwathu kuno anthu amenewo ndi aphunzitsi, alangizi, azaumoyo a m'midzi, abusa ndi mashehe, akabaza, ndipo masiku ano ndi mnyamata uja ali m'magulu khumi a WhatsApp. N'chifukwa chake pali mtundu wina wa kafukufuku umene suwerenga mitu ya anthu koma umakhala pansi n'kumvetsera. Gulu la Susan Watkins limene linkafufuza za Edzi ku Balaka, Mchinji ndi Rumphi linapempha anthu wamba a m'maderamo kuti azilemba m'makope zimene amva anthu akukambirana za matendawa pamjigo, pabawo, pamaliro, mu basi, ndipo m'makopemo munatuluka kuti anthu ankakamba za Edzi kwambiri ndithu pa nthawi imene malipoti ambiri ankati Amalawi ali chete pa nkhaniyi. Harri Englund wa ku Cambridge, amene anakhalapo ku Chinsapo konkuno ndipo amalankhula Chichewa, anafufuza pulogalamu ya Nkhani za M'maboma ya pa MBC, ija ophunzira ambiri ankaiona ngati ya nkhani za ufiti ndi zoseketsa chabe, n'kuonetsa m'buku lake la 2011 kuti kudzera m'nkhani zimenezo anthu osauka ankadzudzula mabwana, mafumu ndi olemera amene aiwala udindo wawo, m'njira imene Chingerezi cha m'misonkhano ya mabungwe sichinkafikako. Kafukufuku wotere sangakuuzeni kuti ndi anthu angati, koma amakuuzani chifukwa chake, ndipo ine ndimaona kuti wa manambala popanda uyu amayenda ndi diso limodzi.

Njira ina ndi yosafunsa munthu aliyense, umangowerenga zimene zatuluka. Umatenga nyuzipepala za miyezi itatu, kaya ku National Library ku City Centre kaya ku National Archives ku Zomba, kapena umajambula nyuzi za pa wailesi za madzulo aliwonse, n'kumawerenga kuti nkhani zingati ndi za ndale, zingati za ulimi, amene apatsidwa mpata wolankhula ndi ndani, amuna angati akazi angati, a m'tauni angati a kumudzi angati, chipani chiti chapatsidwa mphindi zingati. Ndi ntchito yotopetsa ndipo pamafunika anthu awiri awerenge payekhapayekha kuti aone ngati akugwirizana, koma ndi imene imachotsa mkangano woti wailesi yakuti imakondera pa "ndikuona ngati" kufika pa mphindi zowerengeka. Maxwell McCombs ndi Donald Shaw anachita zoterezi ku Chapel Hill ku America pa chisankho cha 1968, anayerekeza nkhani zimene zinkatuluka kwambiri ndi zimene anthu ankati ndi mavuto aakulu a dziko, zinafanana kwambiri, ndiye mfundo yawo inali yoti ofalitsa nkhani mwina sakuuza choti uganize koma amakusankhira nkhani yoti uziiganizira. Mukaona dziko lonse sabata yathunthu likukamba za mkangano wa m'chipani pamene mankhwala atha m'zipatala zazing'ono, ndi zomwezo.

Mbali ya maofesi ndiye yovuta kuposa zonse, ndipo apa ndikunena zimene ndinakumana nazo. Kumudzi anthu amakulandira, amakuyalira mkeka. Mu ofesi umayamba ndi kalata, kalatayo imakhala pa tebulo la wina milungu itatu, ukapita akuti abwana ali ku msonkhano ku nyanja, ukabweranso akuti kalata ija sikuoneka lembani ina. Pa ofesi ina imene sinditchula titaloledwa, tinkafunsa antchito ngati amamasuka kuuza akuluakulu awo pamene chinthu chalakwika. Kalaliki wina ndisanamalize funso anayang'ana kaye kuchitseko, n'kuyankha mokweza kuti, "Timamasuka kwambiri bwana, kuno kulibe vuto." Nditatseka tabuleti anandiperekeza mpaka pa geti, ndipo panjira paja anandiuza motsitsa mawu za mnzake amene anasamutsidwira kutali atafunsa za ma alawansi a ulendo umene sunachitike. Yankho lenileni linali la pa geti koma lololedwa kulowa mu lipoti linali la mu ofesi. Vuto loti munthu amasintha akadziwa kuti akuonedwa ndi lakale m'maphunziro a kayendetsedwe ka ntchito, limatchedwa ndi dzina la fakitale ya Hawthorne pafupi ndi Chicago kumene pakati pa 1924 ndi 1932 ofufuza ankasintha kuwala kwa magetsi ndi nthawi yopuma n'kuona ntchito ikukwera ngakhale pamene zinthu azibwezera mwakale. Akatswiri ena pambuyo pake anadzaunikanso manambala aja n'kutsutsa zina, koma phunziro loti wofufuza naye amasokoneza chimene akufufuza linatsala. Kwathu kuno onjezanipo ulemu wathu, mlendo sumuuza zoipa za pakhomo, ndi mantha a ntchito poti ntchito n'zosowa.

Komabe kafukufuku wa maofesi ndi amene tikumusowa kwambiri. Cashgate ya 2013 itaphulika, ofufuza za ndalama anapeza kuti zoposa K13 biliyoni zinatuluka m'miyezi isanu ndi umodzi yokha kudzera mu IFMIS, makina olipirira a boma, zina mwa izo kupita ku makampani amene sanagwire ntchito. Makhoti amafunsa kuti waba ndani, ndipo ndi ntchito yawo. Wofufuza za kayendetsedwe ka ntchito amafunsa funso lina, kuti zinatheka bwanji anthu ambiri chonchija kuona, kusayina, kudutsitsa, popanda woimitsa, kodi wamng'ono akaona cholakwika ali ndi khomo loti agogode, kodi amene amakwezedwa ndi wolimbikira kapena womvera. Mafunso amenewa ndi amene angaletse ina kudzachitika. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga m'maofesi a boma linadutsa ku Nyumba ya Malamulo 2016 n'kuyamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, ndipo ndi chida cha wofufuza ndi mtolankhani yemwe, ngakhale kuti kukhala ndi lamulo ndi kulandira fayilo m'manja ndi zinthu ziwiri.

Musanafunse munthu ngakhale funso limodzi pamafunika chilolezo cha komiti yoona za umunthu pa kafukufuku, ya pa yunivesite kapena ya ku National Commission for Science and Technology konkuno ku Lilongwe, kenako kwa DC, kwa a T/A, kwa nyakwawa. Munthu aliyense umamuwerengera kuti ndiwe ndani, ukufuna chiyani, dzina lake silituluka, akhoza kukana kapena kusiyira panjira, ndipo palibe chimene alandire. Chomalizachi n'chovuta kunena chifukwa anthu akaona galimoto ndi tabuleti amaganiza kuti mukulemba mayina a mtukula pakhomo kapena makuponi, ndiye ena amadzichepetsa dala, mbuzi zimabisidwa kuseri. Ndipo kukhulupirirana kukasowa zinthu zimaopsa, mu 2017 mphekesera za anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi madera oyandikira zinaphetsa anthu ndipo alendo onyamula zida zachilendo ndi amene ankakayikiridwa, ntchito zambiri za m'midzi zinaima. Mu Meyi 2021 dziko lino linaotcha katemera wa Covid woposa 19,000 amene anatha mphamvu asanagwiritsidwe ntchito, pa nthawi imene ma voice note onena zoopsa za katemerayo ankazungulira m'mafoni. Momwe mphekesera imayendera, ndani amaikhulupirira, ndani angaizimitse, amenewo ndi mafunso a moyo ndi imfa ndipo ndi a phunziro lomweli.

Ofufuzawo nawonso amafunika ufulu. Mu Febuluwale 2011 mkulu wa apolisi pa nthawiyo Peter Mukhito anaitanitsa mphunzitsi wa za ndale pa Chancellor College, Blessings Chinsinga, chifukwa cha chitsanzo chimene anapereka m'kalasi chokhudza kusowa kwa mafuta ndi zionetsero zoukira maboma zimene zinkachitika ku Tunisia ndi Egypt, aphunzitsi anasiya kuphunzitsa ndipo nkhaniyo inatenga miyezi yambiri. Ena ankaona ngati ndi nkhani ya ma lekichara okha, koma mphunzitsi amene akuopa kazitape m'kalasi sangalole mwana wake wa sukulu kufufuza momwe wailesi ya boma imagawira mphindi ku zipani.

Ndiye pali funso la ndalama, limene sitimakonda kulikamba. Galimoto, mafuta, ma enumerator, malo ogona, zonsezi ndi mamiliyoni, ndipo zambiri zimachokera ku mabungwe akunja. Si kuti amauza munthu kuti anene bodza ayi, ambiri ndi osamala ndithu, koma amene walipira ndi amene amasankha funso, ndiye mumapeza malipoti mulu pa mutu umene uli m'fasho chaka chimenecho, pamene za momwe makhonsolo a misika amayendetsera ndalama za ziphaso, kapena chifukwa chake wailesi za m'madera zimadalira anyamata ongodzipereka amene amachoka akangopeza ntchito, zikusowa wozigwira. Lekichara naye ali ndi kalasi ya ana mazana, malipiro osakwana, ndiye ganyu ya bungwe ya milungu itatu imapambana kafukufuku wake wa zaka zitatu. Akalemba pepala la ukatswiri limapita ku magazini ya akatswiri kumene anzake awiri kapena atatu osadziwika amaliunika n'kulibweza kuti akonze, zimene ndi zabwino chifukwa ndi sefa, koma likatuluka nthawi zambiri limakhala lotsekeredwa, kuti uwerenge ulipire madola, ndipo ngakhale mwana wa sukulu wa pa yunivesite yomweyo sangalipeze.

Apa ndi pamene pamandiwawa kwambiri. Mayankho amatengedwa m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, pamkeka, kwa munthu amene wasiya ntchito yake ola lathunthu, amasandutsidwa Chingerezi, amakakambidwa ku hotela ku City Centre pamaso pa anthu makumi asanu, n'kukagona pa shelefu. Mayi wa kupitirira Mitundu uja sanamvepo chimene chinatuluka, ndipo m'midzi ina tikafika anthu ankatiuza mosabisa kuti, "Munabweranso chaka chatha ndi mafunso omwewa, zija zinatha bwanji?" Chodabwitsa n'chakuti amene amafufuza za kufalitsa uthenga akudziwa bwino lomwe kuti njira ilipo, wailesi za m'madera zilipo, magulu omvera wailesi alipo, masamba a Chichewa m'nyuzipepala alipo, mphindi khumi ndi zisanu za pa wailesi zofotokoza kuti tinafunsa izi, mwatiuza izi, ife tikuona chonchi, imbani mutitsutse, sizingafike ngakhale pa mtengo wa chakudya cha masana cha ku hotela kuja. Ndipo anthu akaimba n'kutsutsa, wofufuza amapindulanso chifukwa ndi pamene amadziwira kuti funso nambala 14 lija linamveka molakwika.

Ndi mtsikana uja tinakhala mpaka usiku tikukonza mafunso ake. Loti mumamvera wailesi kangati tinaliphwanya patatu, kodi pakhomo pano pali wailesi kapena foni ya wailesi, amaisunga ndani, ndipo nkhani yomaliza imene munamva munaimva kwa ndani ndipo muli kuti. Liwu loti boma tinalichotsa paliponse n'kuikapo chimene akutanthauza. Antchito a pa wailesi paja adzawafunsira kunja kwa ofesi, mmodzimmodzi. Kenako anakawayesa mafunso onse pa agogo ake m'mawa mwake, agogo anakakamira pa awiri, awiriwo tinawalembanso. Pa bajeti yake, pansi pa ndalama ya fotokope ndi bandulo, waonjezera mzere wa minibasi ya ulendo wachiwiri wopita kuderalo akadzamaliza kulemba, ndipo wandiuza kuti akapempha a pa wailesi paja kuti adzamupatse mpata pa pulogalamu ya Loweruka masana ija anthu amaimba mafoni.